Ngongole Yomangira Nyumba za Lendi

Alimi ena akagulitsa fodya amakongola ndalama zoonjezera kubanki kuti amange nyumba za lendi. Asanatero, mlimi ayenera kuyerekeza lendi ndi chiwongoladzanja.

Mwachitsanzo, ngongole ya K10 miliyoni pa chiwongoladzanja cha K30 pa K100 iliyonse pachaka imadya K250,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo isanayambe kubwezedwa. Ngati lendi ndi K150,000, yotsalayo ichokera m'nkhokwe. Nyumba ikakhala yopanda munthu, banki siidikira.

M'chaka cha 2024 Reserve Bank ya Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki adatsatira. Wopereka nyumba yoyamba ngati chikole pomanga yachiwiri amaika zonse ziwiri pachiswe. Ndi bwino kumanga khoma ndi ndalama za zokolola, nkukongola za malata okha.