Dziwani ufulu wanu: mfuti podutsa malire a zigawo ku America

Ku United States, chilolezo chonyamula mfuti chikhoza kuthera pamalire a chigawo chimene chinachipereka. Kuyambira 2021, Texas imalola akuluakulu ambiri kunyamula mfuti popanda chilolezo, pamene New York salabadira n'komwe chilolezo cha kwina.

Lamulo la dziko lonse la 1986 limateteza wongodutsa. Mfuti ikhale yochotsedwa zipolopolo, yotsekeredwa m'buti ya galimoto momwe dzanja silingafike, komanso yololedwa kumene mwachokera ndi kumene mukupita. Kuima kuti muthire mafuta palibe vuto. Koma mukachezera masiku panjira, makamaka ku New Jersey, musadalire lamuloli.

Kusamuka ndi nkhani ina. Mukakhazikika ku California, muli ndi masiku 60 oti mulembetse mfuti zanu ku Department of Justice ya chigawocho, muzigulitse kapena muzipereke kupolisi.