Fumbi la Asibesitosi Pachigayo ndi M'mashedi a Chimanga: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka n'ka inu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amene mumagwira ntchito pachigayo, m'mashedi osungira chimanga ndi m'malo oyengera mafuta a mpendadzuwa.

Kodi asibesitosi n'chiyani?

Ndi mwala wokhala ndi timaulusi, wosapsa ndi moto. Ankaukumba kwambiri ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe, komanso ku Penge ndi Prieska ku South Africa. Kuno ku Zambia, fakitale ya TAP ku Chilanga inkausakaniza ndi simenti n'kupanga mapaipi amadzi ndi malata okhuthala otuwa aja.

Ife timasenza matumba, sitikumba miyala. Zikutikhudza pati?

Yang'anani kudenga. Nyumba zambiri zakale zinafoleredwa ndi malata amenewa. Lata likakhala lathunthu, losakhudzidwa, silivuta kwenikweni. Vuto limayamba likakalamba n'kumafumbutuka, kapena mmisiri akakwera ndi chopukusira kuti alidule. Fumbi loyera limamutera m'tsitsi ndi m'nsidze, limagwera pamatumba, ndipo madzulo mnyamata waganyu amalisesa louma ndi tsache, pakamwa pali pululu. Akaweruka amapita nalo kunyumba pa ovolosi yake, amayi n'kuikung'untha asanaichape, ana ali pomwepo. Asibesitosi ankamuikanso m'mabuleki a magalimoto akale, m'magasiketi a injini ndi pa zokutira mapaipi otentha.

Nanga si fumbi la chimanga lomwe timapuma tsiku ndi tsiku?

Ayi. Fumbi la chimanga limakutsokomoletsani pompopompo ndipo lingayambitse mphumu. Timaulusi ta asibesitosi sitioneka ndi maso, sitinunkha, ndipo tikalowa m'mapapo sititulukamonso.

Timayambitsa matenda anji?

Mapapo amauma n'kuchita zipsera, munthu n'kumabanika pokwera kachitunda kamene kale ankakwera atasenza thumba la makilogalamu 50. Pali khansa ya m'mapapo, komanso mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo, imene madokotala a ku South Africa anaonetsa mu 1960 kuti imachokera ku asibesitosi. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti matendawa amadikira zaka 20, 30, ngakhale 40. Pofika nthawiyo chigayo chija chinagulitsidwa, bwana anamwalira, ndipo wodwala amangoyesa chifuwa chachikulu kapena ukalamba. Mukapita kuchipatala cha St Francis ku Katete, cha Nyanje kapena cha Chipata Central, musangonena kuti mukutsokomola. Auzeni adokotala ntchito zonse zimene munagwirapo, ndi zakalekale zomwe, kuti akakujambulani pachifuwa adziwe choyang'ana. Ngati mumasuta fodya, lekani, chifukwa fodya ndi asibesitosi zikakumana, khansa ya m'mapapo imabwera mosavuta.

Kodi wodwala angalandire chipukuta misozi?

Njira ilipo. Lamulo la Workers' Compensation la 1999 limalamula olemba anthu ntchito kulembetsa ndi kusonkha ndalama ku bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola. Ndalamazo amasonkha ndi bwana, sayenera kuzidula pa malipiro anu. Bungweli limalipira amene avulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito, ndiponso mabanja a amene amwalira. Bungwe la Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe ndilo lodziwa kupima matenda a fumbi. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Board.

Koma mlandu umayenda ndi umboni, ndipo apa m'pamene anthu athu aganyu amagonjera. Ambiri analembedwa ndi pakamwa, n'kumalipidwa pamanja potengera matumba amene akweza m'lole. Choncho tengani kope lero, mulembe dzina la malo, zaka zimene munagwirako, ntchito yake, mtundu wa denga, ndi maina a anzanu amene angakuchitireni umboni. Sungani kachikalata kalikonse ka malipiro ndi makadi akuchipatala. Dokotala akangotsimikiza matenda, kadandauleni msanga, poti lamulo limaika malire a nthawi.

Alipo amene anawinapo mlandu wotere?

Alipo. Anthu pafupifupi 7,500 a ku South Africa anasumira kampani ya Cape plc kukhoti la ku London, ndipo mu 2003 inavomera kulipira mapaundi 7.5 miliyoni. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa thumba la Asbestos Relief Trust lothandiza amene ankagwira ntchito m'migodi ina ya kumeneko. Mlandu wa Cape unatenga zaka, ndipo ambiri anamwalira ndalama zisanatuluke. Mu 2008 dziko la South Africa linaletseratu asibesitosi.

Nanga denga la shedi yathu likasweka titani?

Musalidule, musaliboole, musalisese louma. Chotsani chimanga ndi ufa, nyowetsani zidutswa ndi madzi, muzikulunge m'pulasitiki wokhuthala. Kansalu kapakamwa wamba sikatchinga timaulusi timeneti. Zidutswazo musafolerere khola la nkhuku kapena kuwotcherapo chimanga. Uzani oyang'anira zaumoyo kukhonsolo ya boma lanu kapena a bungwe loona zachilengedwe la ZEMA kuti akulangizeni kokataya, ndipo bwana akakukakamizani kukwera padengapo opanda zodzitetezera, kanani, mukanene ku ofesi ya zantchito.