Kuzungulira phiri la Mulanje pa njinga

Amene miyendo yawo idazolowera mtunda wautali ndipo akufuna kuiyesa, ayese kuzungulira phiri la Mulanje. Ulendo wonse umapitirira makilomita 100, ndipo si wa ophunzira kupalasa. Alipo oumaliza tsiku limodzi, koma ine ndingati muugawe pawiri, mugone ku Phalombe.

Nyamukani pa Chitakale kusanatenthe, mutenge msewu wa tala wopita ku Phalombe kuti phiri likhale kudzanja lamanja ulendo wonse. Chizindikiro choyamba ndi Chambe, thanthwe lija loima chilili pamwamba pa Likhubula, pafupifupi makilomita 10 kuchokera pa Chitakale. Amene akufuna kuona Dziwe la Nkhalamba asiye njinga m'munsi, chifukwa kumeneko n'kwa wapansi. Kuchoka apo muwoloka mtsinje wa Thuchila n'kulowa m'chigwa cha Phalombe. Gawo ili silivuta, ndiye musathere mphamvu pothamangitsana ndi akabaza.

Ntchito yeniyeni ili mawa lake. Kuchokera pa boma la Phalombe, msewu wadothi umakwera kudutsa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mchese kumanzere ndi Mulanje kumanja. Chitundachi chikwereni m'mamawa, ndi giya yopepuka. Pamene miyala yachuluka tsikani mukankhe, palibe manyazi. Pamwamba pali mabwinja a linga limene Angerezi adamanga mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsa kupita kugombe la ku Mozambique. Pumani pamenepo, muyesenso mabuleki, pakuti mtsetse wopita ku Nkhulambe uli ndi miyala yosagwira komanso ngalande zokumbidwa ndi madzi. Namondwe wa Freddy adasakaza dera limeneli mu Malichi 2023, mitsinje ina mpaka kusintha njira, choncho musadalire mapu a m'foni. Funsani akabaza a pa Phalombe kapena pa Nkhulambe za malo owolokera. Iwo ndiwo adziwa kumene kwadutsika sabata imeneyo.

Kuchokera ku Nkhulambe lunjikani kumwera mpaka ku Muloza. Uku ndi kumalire ndi Mozambique, ndiye chitupa cha unzika chikhale m'thumba, ndipo tinjira topatukira kumanzere tisiyeni. Pa Muloza mupezanso tala, msewu wa M2, ndipo kwatsala makilomita pafupifupi 30 kudutsa pa Limbuli, mtsinje wa Ruo ndi minda ya tiyi kukafika pa boma la Mulanje. Malo ndi okongola, koma maso akhale pamsewu: malole ochokera kuchipata ndi maminibasi sapatukira wanjinga.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Komabe chiperoni chikhoza kugwa masiku angapo, ndi nkhungu ndi mvula yowaza, kotero jekete musaisiye. Okutobala kuchigwa kumatentha koopsa, ndipo m'dzinja gawo la Fort Lister ingolisiyani.

Tengani machubu awiri, pampu, zigamba ndi guluu, madzi okwanira ndi ndalama zapamanja. Okonza njinga ali pamsika uliwonse, koma zipangizo zawo n'za njinga za kabaza. Tcheni kapena mabuleki a njinga yamagiya ambiri mugulire ku Limbe musananyamuke. Muyende awiri kapena atatu, ndipo mdima usakupezeni pakati pa Nkhulambe ndi Muloza.