Filing'i siteshoni ikamasanduka sitolo, funsani za matanki

Mukamva kuti mwini wa malo omwetsera mafuta pafupi ndi kwanu akufuna kuzula mapampu n'kutsegulapo sitolo, musadikire kuti amisiri ayambe kugumula. Kuno ku Nsungwi nkhani zotere zimatentha pa siteji ya kabaza ndi mumsika, koma zimazilalira komweko. Zokamba za pa siteji sizifika ku Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe. Kumeneko kumafika pepala lokhala ndi mayina, masiginecha ndi deti.

Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti munthu wosintha ntchito ya malo kapena nyumba ayambe watenga chilolezo kwa oona za mapulani. Choncho tumani anthu awiri ku ofesi ya mapulani ku Civic Offices, ku City Centre, atanyamula nambala ya poloti. Akafunse ngati mwini malowo anapereka pempho, komanso tsiku limene komiti ya mapulani idzakambirane pempholo. Akamakuuzani za "bwerani mawa", lembani kalata yotchula Access to Information Act, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata m'maofesi a boma. Fotokope yanu aidinde musanatuluke.

Mukabwerako, kaonaneni ndi a bulokulida ndi a khansala za kuitanitsa msonkhano wa anthu a m'deralo. Msonkhano wowalambalala iwowa umasanduka mlandu wina. Koma msonkhanowo usakhale poyambira, chifukwa pagulu amalankhula ndi anthu omwewo a mawu akulu. Gulani kope, muyende khomo ndi khomo, kuyambira nyumba zogundana mpanda ndi malowo. Pa mapoloti ambiri a ku Area 25, kuseri kwa nyumba yaikulu kuli mzere wa nyumba za lendi. Alendiwo ndi amene amagona pamenepo, pomwe alandilodi ena amangobwera pakutha pa mwezi. Gogodani kwa iwo. Mufikenso kwa amayi amene amatunga madzi pa zitsime zapafupi, kwa eni maokala, kwa anyamata a kabaza amene amathira petulo pamenepo, ndi kwa achinyamata a pa mapampu amene ntchito yawo ikutha. Ogwira ntchito ku Kanengo muwapeza madzulo kapena Lamlungu akaweruka ku tchalitchi.

Aliyense mumufunse chimene wakondwera nacho, chimene akuopa, ndi chimene akufuna chichitike kuti avomere. Lembani mawu ake enieni, mumuwerengere, kenako asayine kapena adinde chala. Ovomereza muwalembe bwinobwino monga mmene mukulembera okana. Kope lodzaza ndi okana okhaokha limaoneka kuti ndi la anthu a kaduka, ndipo mwini malowo sangavutike kuligwetsa. Mayi wa okala akati sitolo yaikulu imulanda makasitomala a shuga ndi sopo, lembani, chifukwa mantha akewo ndi oona. Komabe musayembekezere kuti a mapulani angakanize sitolo pa chifukwa chimenecho chokha.

Nkhani imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri ili pansi pa simenti. Pamenepo panakwiriridwa matanki a malita masauzande ambiri, ndipo kuzula pampu sikuchotsa thanki. Thanki imene mafuta anatha ndi yoopsa kwambiri, chifukwa mpweya wa petulo umatsalira m'kati. Mpweyawo ndi wolemera, umayenda pansipansi n'kukhazikika m'ngalande ndi m'maenje, ndipo mmisiri wowotcherera zitseko za sitolo akhoza kuuyatsa ndi kamoto kamodzi kothetheka. Thanki yachitsulo ikakalamba imachita dzimbiri n'kumadontha, mafutawo n'kulowa m'dothi mpaka kukafika pa madzi a pansi. Mu petulo muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. WaterGuard ndi kulorini amapha tizilombo toyambitsa kolera, koma sachotsa mafuta m'madzi. M'dera limene mipopi ikauma anthu amathamangira ku chitsime, iyi ndi nkhani ya banja lililonse.

Mukhoza kuyamba kufufuza nokha. Tungani madzi a pachitsime m'mawa, muwanunkhize, muwathire m'beseni loyera, muike panja powala. Mukaona utawaleza ukuyandama pamwamba, ukhudzeni ndi kamtengo. Ukasweka tizidutswa n'kukhala choncho, kawirikawiri umakhala wochokera ku chitsulo cha m'dothi. Ukazungulira n'kubwererana, amenewo ndi mafuta: lekani kumwa ndi kuphikira madziwo, ndipo lembani m'kope muja tsiku ndi poloti yake. Koma maso ndi mphuno sizigwira zonse. Madzi ooneka oyera akhoza kukhala oipa, n'chifukwa chake muyenera kuumirira kuti akayezedwe ku labotale, mwini malowo alipire.

Pa msonkhano muitane mwini malowo mwaulemu, ndipo wapampando akhale munthu wopanda sitolo kapena chibale pa nkhaniyi. Mufunseni mosapita m'mbali: "Bwana, matanki aja muwafukula, kapena muwatsuka n'kuwadzaza mchenga kapena konkireti? Adzagwira ntchitoyo ndani? Dothi mwaliyeza? A MERA, amene amapereka ziphaso za malonda a mafuta, mwawadziwitsa? Nanga a MEPA?" MEPA ndi bungwe loteteza chilengedwe limene linakhazikitsidwa potsatira Environment Management Act ya 2017. Akati zonse zili m'malo, pemphani makalata ake muwaone ndi maso.

Nkhani zina izi musataye nazo tsiku lonse: ngati m'sitolomo mudzakhala mowa ndipo chiphaso chake chilipo, nthawi yotsekera, chimbudzi cha makasitomala, kotaya zinyalala, poima malole otsitsa katundu, phokoso la jenereta. Chimodzi chokha anthu amachikumbukira mochedwa. Filing'i siteshoni imawalitsa msewu usiku ndipo imakhala ndi mlonda, moti amayi otsika minibasi ya mochedwa amadalira kuwalako. Pemphani kuti magetsi a panja asachotsedwe.

Mlembi awerenge zomwe mwagwirizana anthu asanabalalike. Kalata yopita ku khonsolo ikhale ya tsamba limodzi: nambala ya poloti, chiwerengero cha mabanja amene mwawafunsa, ovomera angati, okana angati, ndi zimene mukufuna zilembedwe pa chilolezo, kuyambira nkhani ya matanki. Fotokope za kope lija muziphatikize, ndipo makalata ena apite ku MERA, ku MEPA ndi kwa a khansala komiti isanakumane. Kope lenilenilo lisungidwe ndi munthu amene sakusamuka posachedwa.

Tsiku lofukula matanki likadziwika, uzani makomo onse oyandikana. Ana asayandikire, mbaula ndi moto wa tchipisi zisunthire kutali, ndipo awiri a inu aime patali n'kujambula pa foni thanki iliyonse ikamatuluka m'dzenje ndi kukwera lole.