Pa njinga yamoto mpaka ku Joni?

Zikomo achimwene athu a kwa Malomo ku Ntchisi chifukwa cha kalata yanu. Mwati mukufuna kupita ku Johannesburg pa njinga yanu yamoto poti mtengo wa basi wakwera, ndiponso zitunda za kwanuko mumazikwera bwinobwino mutasenza matumba a soya kupita ku Mponela.

Achimwene, zitunda za ku Ntchisi n'zina, msewu wa ku Tete n'wina. Mukangodutsa chipata cha Dedza muzikalimbirana msewu ndi mathiraki, dzuwa la kuchigwa cha Zambezi likuswa mtengo, kainjini kakang'onoko katatentha. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 1,500, kudzera ku Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Nanga tcheni chikaduka pakati pa tchire madzulo, mudzaitana ndani?

Za mapepala musachite nazo chibwana: pasipoti, laisensi, bulubuku ndi inshuwalansi. Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Zimbabwe, koma ku Mozambique mudzagula inshuwalansi ina pachipata.

Ine ndikanati muyambe mwayesa ulendo wa ku Chipata kudzera ku Mchinji, masana okhaokha, helemeti ili kumutu. Mukabwerako mutilemberenso, timve mmene msana ukumvera.