Phunziro: Viniga, tizilombo ndi madzi a wudhu



Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa omwe anakhudzidwa kwambiri. N'chifukwa chake lero tiphunzira za mankhwala opha tizilombo, makamaka otchedwa peracetic acid.

A Fomu 3 ndi 4 mukudziwa kuti viniga amawawasa chifukwa cha ethanoic acid, CH₃COOH. M'mafakitale amasakaniza asidi ameneyu ndi hydrogen peroxide, ija ena amatsukira mabala, ndipo pamatuluka peracetic acid, CH₃COOOH. Chawonjezekapo ndi atomu imodzi yokha ya okosijeni. Koma maatomu awiri a okosijeni oyandikanawo sagwirana zolimba. Akakumana ndi kachilombo amalekana n'kuwononga chikopa chake, iko n'kufa. Ntchito ikatha, chotsala ndi asidi wa viniga uja, madzi ndi okosijeni. N'chifukwa chake amatsukira zida zina za m'zipatala komanso mapaipi a m'mafakitale a mkaka ndi zakumwa.

Mphamvu yomweyi ndi yoopsanso. Akakhala osasungunula amawotcha khungu ndi maso. Tisayese kuwapanga kunyumba. Nawonso otsuka zimbudzi ndi malo a wudhu asamasakanize viniga ndi Jik kapena klorini, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni.

Tsono tibwere ku fiqh. Tinaphunzira kuti madzi ambiri ngati a m'nyanja ndi oyenera kupangira twahara malinga najisi isawasinthe mtundu, fungo kapena kakomedwe. Lamuloli lili m'malo mwake. Komatu tizilombo ta kolera sitisintha chilichonse mwa zitatuzi. Madzi otunga padoko akhoza kukhala ololedwa pa wudhu koma ali ndi matenda, ndipo tikamapanga wudhu timachukucha m'kamwa. Kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zikuluzikulu za Shariah.

Kwathu kuno mankhwala opezeka mosavuta ndi klorini. Tikupempha akomiti kuti madzi a m'ndowa za pamzikiti azithiridwa klorini pa mlingo womwe alangizi azaumoyo anena, n'kudikira mphindi 30 asanagwiritsidwe ntchito. Makolo tichitenso chimodzimodzi kunyumba, ndipo sopo asamasowe pakhomo la chimbudzi. Mvula isanayambe tikhale titakonzeka.

Allah atiteteze ife ndi ana athu. Ameen.