Khansa ya chiwindi: kale tinkalozana chala, lero tikudziwa gwero lake

Ambiri a ife matenda awa tinawaonapo. Bambo wa zaka za m'ma 30 kapena 40, wamphamvu zake, wogwira ntchito m'minda ya tiyi kapena wogulitsa pa Chitakale, amayamba kudandaula kuti kumanja pansi pa nthiti kukupweteka. Akangodya pang'ono wakhuta. Thupi likutha koma mimba ikukula, maso achita chikasu. Pakangotha miyezi yowerengeka, tikuphika nsima pamaliro ake. Pasiwa pomwepo manong'onong'o amayamba: ena akuti ndi tsempho, ena akuti mkazi wake anamudyetsa mankhwala. Mayi wamasiye amasenza chisoni, n'kusenzanso mlandu wosapalamula.

Nthawi zambiri matenda otere amakhala khansa ya chiwindi. M'phunziro lino tiona mmene achipatala anadziwira gwero lake, chimene chasintha pakayezedwe ndi kasamalidwe ka odwala, ndi gawo limene lili m'manja mwa ife amayi.

Chiwalo chopirira

Chiwindi chimasefa magazi, chimapanga ndulu, chimasunganso mphamvu yochokera m'chakudya. Ndi chiwalo chopirira kwambiri: chikhoza kuonongeka kwa zaka 20 kapena 30 munthu osamva kanthu, uku akulima ndi kupalasa njinga bwinobwino. Ululu ukamayamba, chotupa chimakhala chitakula kale. Ndiye chifukwa chake matendawa amaoneka ngati agwa mwadzidzidzi, ndipo anthu amaganiza zaufiti.

Mmene zinalili kale

Zaka za m'ma 1940 ndi 1950, madokotala a ku migodi ya ku Joni ankadabwa kuona anyamata ambiri, makamaka ochokera kum'mwera kwa Mozambique, akufa ndi zotupa za m'chiwindi. M'modzi wa iwo, Charles Berman, analemba buku lonse la matendawa mu 1951. Koma chowayambitsa sankachidziwa. Dokotala ankangogwira mimba ndi manja n'kumva chiwindi cholimba ngati mwala. Kuti atsimikize, ankatapa kanyama ka chiwindi ndi singano, ndipo ambiri ankadziwika matenda awo atamwalira kale. Wodwala ankabwezedwa kumudzi kukadikira tsiku lake, ululu uli tsoo.

Adani awiri anaululika

Mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wachuku. Ofufuza anapezamo poizoni amene anamutcha aflatoxin, ndipo pambuyo pake zinatsimikizika kuti amayambitsa khansa ya chiwindi mwa anthu. Chuku chimenechi ndi chomwechi timachiona pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino.

Mu 1965, Baruch Blumberg wa ku America anapeza m'magazi chizindikiro cha kachilombo kamene lero timati Hepatitis B. Kachilomboka kamakhala m'chiwindi, kumachitupitsa pang'onopang'ono mpaka chitachita zipsera ndi kuuma, ndipo pazipserapo khansa imamera. Kuno ku Africa ambiri amakatenga ali ana: kwa mayi pobadwa, kapena kudzera m'magazi a zilonda, malezala obwerekana ndi potema mphini. Kamafalanso pogonana. Mwa makanda 10 otenga kachilomboka, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, pamene wamkulu akakatenga thupi lake limakagonjetsa nthawi zambiri.

Apa tione bwino: bambo uja amene anatupa mimba ali ndi zaka 35, mwina matenda ake anayamba akadali kumbuyo kwa mayi ake, mkazi wake asanamudziwe n'komwe. Hepatitis B ndi chuku zikakumana m'thupi limodzi, ngozi imakula kwambiri. Mowa, makamaka kachasu, umathira mafuta pamoto.

Chimene chasintha pakuyeza

Lero Hepatitis B amayezedwa ndi kadontho ka magazi a pachala, zotsatira n'kutuluka tsiku lomwelo. Makina ojambulira m'mimba, onga aja timaonera mwana tikakhala oyembekezera, amaonetsa chiwindi popanda kung'amba munthu. Kulinso kuyeza magazi kotchedwa AFP, kumene kumathandiza dokotala kuganizira za khansayi. Amene chiwindi chawo chinachita kale zipsera amalangizidwa kujambulitsa miyezi 6 iliyonse, kuti chotupa chipezeke chikadali chaching'ono.

Kuyeza kuli ndi phindu lina: si mimba yotupa iliyonse imene ili khansa. Likodzo la m'matumbo, TB ya m'mimba ndi matenda a mtima zimatupitsanso mimba, ndipo izi zili ndi mankhwala ake. Banja likataya miyezi iwiri likuyenda kwa asing'anga, likhoza kutaya munthu amene akanachira. Njira yake ndi kuyambira pachipatala chapafupi, kufika ku chipatala chachikulu cha pa Boma kapena ku Mulanje Mission, ndipo iwo akaona kuti n'kofunika amatumiza wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chimene chasintha pachithandizo

Tisanamizane. Khansa ya chiwindi ikapezeka mochedwa, ngakhale lero siichira. Chotupa chikakhala chaching'ono madokotala akhoza kudula mbali ya chiwindi. M'mayiko olemera amatha kumuika munthu chiwindi china, ntchito imene inayamba kutheka mu 1967, ndipo kuyambira 2007 kuli mankhwala akumwa otalikitsako moyo. Koma izi n'zodula, ndipo kuika chiwindi china sikuchitika m'dziko muno.

Kupambana kwenikweni kuli pakupewa. Dziko la Taiwan linayamba kubaya makanda katemera wa Hepatitis B mu 1984, ndipo patapita zaka khansa ya chiwindi mwa ana inachepa moonekeratu. Kuno ku Malawi katemerayu analowa mu 2002, mkati mwa jekeseni ija ana amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande anapeza kachilomboka mwa akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 alionse, koma mwa ana obadwa katemera atayamba, anali 3 okha pa 1,000. Mmera mpoyamba. Izi zikutanthauzanso kuti ife obadwa 2002 isanafike sitinabayidwe tili makanda, ndipo ndife oyenera kukayezetsa.

Kwa amene ali kale ndi kachilomboka kuli mankhwala otchedwa tenofovir, piritsi limodzi patsiku. Sakachotsa m'thupi, koma amakafooketsa, chiwindi n'kupuma. Si onse ofunika kumwa. Dokotala ndiye amaona atayeza. Tenofovir alinso m'ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, choncho amene ali ndi HIV pamodzi ndi Hepatitis B akasiya mankhwala mwadzidzidzi, chiwindi chikhoza kutupa moopsa. Mayi woyembekezera afunse kusikelo za kuyezedwa, chifukwa zikadziwika msanga pali njira zotetezera mwana.

Pamene kuchira kwakanika

Kale mawu oti "palibenso chochita" ankatseka nkhani. Lero kuli chisamaliro chochepetsa ululu, chonga chimene kiliniki ya Tiyanjane yakhala ikupereka ku Queen Elizabeth kuyambira 2003, ndipo chinafalikira m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni. Morphine wamadzi, akamamwedwa pa nthawi yake monga auzira achipatala, amachotsa ululu woopsa. Sapha munthu ngati mmene ena amaopera. Madzi akadzaza m'mimba mpaka wodwala kubanika, amatha kupopedwa. Wodwala akhoza kugona, kucheza ndi ana ake, kulongosola za munda ndi nyumba, ndi kulandira masakramenti ali ndi mtendere.

Tikapita kukazonda, tisaope mbale kapena kapu yake. Khansa siipatsirana, ndipo Hepatitis B safala podyera limodzi, pogwirana chanza kapena pokumbatirana. Timuphikire phala kapena chakudya chofewa, adye pang'onopang'ono, osamukakamiza. Tikumbukirenso womusamalira uja, amene sanagone masiku ambiri.

Ntchito ili pankhokwe

Kuno kwathu mvula ndi yambiri, ndipo chiperoni chimabwera nthawi yomwe zokolola zikuuma. Chuku chimakonda chinyontho chotere. Tiyanike mtedza ndi chimanga pathandala kapena pamkeka, osati padothi, mpaka ziume gwa. Tisawaze madzi mtedza kuti usavute kumenya. Matumba asakhudze pansi kapena khoma. Ndipo apa mpamene ambiri timalakwa: wabwino timagulitsa, wonyala ndi wowola n'kusinja nsinjiro zothira m'phala la ana. Kukazinga kapena kuwiritsa sikuthetsa poizoniyu. Chowola chitayidwe, ngakhale chaka cha njala mtima umawawa.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi m'mudzi mwathu munthu akatupa mimba anthu amati chiyani, ndipo amanamiziridwa ndani? Tingamuimire bwanji mayi wotere?
2. Tikatsegula mabuku a kusikelo a ana ndi zidzukulu zathu, kodi majekeseni onse atatu aja analembedwa?
3. Ndani mwa ife anayezetsapo Hepatitis B? Tingawalimbikitse bwanji abambo, amene khansayi imawagwira kwambiri kuposa amayi?
4. Mtedza ndi chimanga chosankhidwa kuti n'choipa timapita nacho kuti?

Pa 28 Julayi dziko lonse limakumbukira matenda a chiwindi. Gulu lililonse lipemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake adzayankhule pamsonkhano wa mwezi umenewo, ndipo aliyense adzabwere ndi buku la kusikelo la mwana wake.